NSHAWA ZISAPITE ZONSE KU MSIKA

Mau a mlangizi wa zamalimidwe kwa alimi ndi akazi ao

Mphepo ya June ndi July ifika pamene nkhokwe ziri zodzala, komabe ndiyo nyengo imene ana ambiri adwala cifuwa ndi cimfine. Nsima ikhutitsa, koma payokha siteteza thupi.

Colakwa cacikuru ndi ici: mwini nyumba agulitsa nshawa zonse kwa ogula oyamba kufika, ndipo mkazi wace asowa nsinjiro kufikira dzinja. Nshawa ziri ndi mafuta ndi zomanga thupi. Supuni ziwiri za nsinjiro m'phala la mwana m'mamawa ziposa tiyi wa suga. Mfutso wa nkhwani kapena wa khwanya, makamaka woumitsidwa pamthunzi, ukoma ndi nsinjiro yomweyo, ndipo mafuta ace athandiza thupi kulandira vitamini A wa m'masamba. Motero thumba limodzi lipatulidwe ogula asanafike pamudzi.

Malalanje, mandimu ndi malambe apezeka nyengo yomweyi ndipo ali ndi vitamini C, ana asamanidwe. Thobwa lofunda liyenera banja lonse. Kacasu ndiye wonyenga: munthu amva kufunda pakhungu pamene thupi liri kutaya kutentha kwace, ndipo woledzera wogona panja usiku wa July angathe kufa nako kuzizira.