ULENDO WA KU PHIRI: MAWU A MLEMBI WA MVANO PA TSIKU LA CHIKONDWERERO



Za ndalama amayi asungichuma anena kale, ndipo za odwala amene tinakawazonda zalembedwa m'buku. Ife komiti yatituma kuti tifotokoze za ulendo umene ena mwa ife tinayenda kukwera phiri lathuli m'mwezi wa September, pakuti nkhani yake yamveka mosiyanasiyana. Ena akuti tinaba nkhalamba, ena akuti tinakadyera ndalama za bungwe ku hotela ya Ku Chawe. Eni nkhani atilola kuti tinene, koma maina sititchula. Odziŵa akudziŵa.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, tiyambe ndi chaka cha 1975. Ana athu kusukulu amaphunzira kuti Zomba linali likulu la dziko kuyambira mu 1891, ndipo mu 1975 likulu linasamukira ku Lilongwe. M'buku ndi mzere umodzi basi. Koma amene tinalipo tikukumbukira malole ataima m'makomo, akupakira mabedi, mitondo ndi nkhuku m'madengu. Abambo anauzidwa ku ofesi kuti asamuke, ndipo amayi anangouzidwa kuti amange katundu. Nyumba ya Malamulo inatsala kuno mpaka 1994. Anatsalanso a kosindikiza mabuku a boma, asilikali a ku Cobbe Barracks, ndi Chancellor College imene inali itangobwera mu 1973. Choncho amayi amene ankatunga madzi pa mpope umodzi anagaŵikana monga mwa ntchito za amuna awo. Palibe anafunsa kuti kodi mnzanu wa pamtima agwera mbali iti.

Mwina atsikana mufunsa kuti, nanga bwanji sankalemberana makalata? Ankalemberana ndithu, koma mayi wa nthaŵi imeneyo analibe keyala yakeyake. Kalata inkadzera ku ntchito kwa bambo, bambo n'kuiika m'thumba la jekete, mwina n'kuiŵala sabata yathunthu. Amayi ambiri ankayembekeza mwana abwere kusukulu kuti awaŵerengere ndi kuwalembera yankho, ndipo zakukhosi sunganene podzera mwa mwana. Bambo akasinthidwa ntchito, akapuma kapena akamwalira, keyala ija inkafera pomwepo. Basi ya UTM inalipo, yodzera ku Liwonde, Balaka, Ntcheu ndi Dedza, koma ndi mayi uti akanapempha ndalama ya ulendo wa tsiku lonse kuti akangocheza ndi mnzake, popanda maliro kapena ukwati?

Mwa amayi otsala kuno munali amayi athu ena amene akhala pakati pathu lero lino. Amuna awo ankagwira ntchito yosindikiza mabuku a boma. Iwo anali ndi anzawo atatu, onse akazi a antchito a boma, nyumba zawo zoyandikana. Ankasinjira pamodzi, kulerana ana, ndipo Loŵeruka ankalaŵira mbandakucha kukwera phiri kukatola nkhuni, nkhata zili m'manja. Anzawo atatu onsewo anapita ku Lilongwe. Tsiku losamuka, lole ya mmodzi wa iwo inadzaza, ndipo makina ake osokera a Singer, opukusa ndi dzanja, anasoŵa malo abwino. Anawasiya nati, "Achemwali, mundisungire, ndidzatenga pa Khirisimasi." Khirisimasi imeneyo sinafike. Makalata anayenda zaka zingapo, kenaka zii.

Makinawo sanagone. Amuna awo atamwalira, amayi athuŵa anasoka nawo mayunifolomu a ana a sukulu, ndipo ndi ndalama zimenezo anaphunzitsa ana awo. Ambiri muno tinavalapo zosokedwa pa makina amenewo. Koma mumtima mwawo munali chinthu chowaŵaŵa: anadyera chinthu cha mwini osapempha, ndipo sanabweze. Zaka zikamapita manyazi amakula, mpaka munthu amaleka ngakhale kufunsa kumene mnzake ali.

Mwana wawo wamkazi wotsiriza amagwira ntchito ya unamwino ku Durban, m'dziko la South Africa. Kumeneko kuli nyanja yamchere ya mafunde aakulu, ndipo anthu amaseŵera pa mafundewo ataimirira pa thabwa. Iye anatiwonetsa pa foni: munthu amagona chafufumimba pa thabwa, n'kumapalasa ndi manja, funde likamunyamula amadzambatuka n'kuimirira, funde lomwelo n'kumubweretsa kumtunda. Akuti amawona amayi aimvi akuchita zimenezi pamodzi ndi ana awo aakazi, naye anaphunzirako. Ndiye anafuna kutenga amayi ake kuti akaone nyanjayo, angonyika mapazi chabe. Amayi anakana kwamtuwagalu. Anati madzi osaoneka tsidya lake iwo ayi, ndiponso nkhuku zawo asiyira yani?

Mwanayu sanakwiye. M'malo mwake anayamba kumvetsera. Anazindikira kuti nthaŵi zonse akamacheza pa foni, amayi ake salephera kutchula anzawo atatu aja ndi maina a ana awo, mmodzimmodzi, ngati kuti anasamuka dzulo. Analemba mainawo nayamba kufufuza pa Facebook. Patapita miyezi anapeza mwana wa mmodzi, ndipo ameneyo anamulozera kwa ena. Mwini makina uja ali moyo, amakhala ndi mwana wake ku Kawale mu Lilongwe, koma maso ake achita ng'ala. Wachiŵiri anabwerera kumudzi kwa amuna ake ku Ntcheu. Wachitatu anamwalira kalekale ku Nkhotakota, kuno osamva.

Apa m'pamene mwanayu anatiloŵetsa ife m'chinsinsi, amayi asanu. Tinakangana, tisabise. Ena anati munthu wamkulu wodwala kuthamanga kwa magazi sadzidzimutsidwa, tingadzanyamule maliro kuchokera kuphiri. Ena anati kunamiza kholo n'kulakwa. Koma mwanayu anati, "Amayi anga ndimawadziŵa. Mukawauza kuti mwini makina akubwera, adwala tsiku lomwelo ndipo satuluka m'nyumba." Ife timene tawadziŵa zaka zambiri tinaona kuti akunena zoona. Tinagwirizana kuti mmodzi wa ife amene anapuma pa ntchito ya chipatala akhale nawo pafupi, ndiponso kuti amwe mankhwala awo mmaŵa tikuona. Za ndalama, imvani bwino abambo kumbuyoko: galimoto, mafuta ndi chakudya analipira mwanayu ndi ana a amayi enawo. Ife tinangopereka zitumbuwa ndi thobwa.

Amayi asanu kusunga chinsinsi masabata atatu! Chimenecho chokha chiyenera kulembedwa m'magazini ino.

Tsiku litafika mwana anati, "Amayi, popeza munakana nyanja yamchere, tiyeni mukaoneko madzi a ku damu la Mulunguzi, aja timamwa kuno kutauni. Tsidya lake limaoneka." Anaseka navomera. Pamene ankavala, ife tinanyamula makina aja mwakachetechete n'kuwaika kumbuyo kwa galimoto, titawafunditsa chitenje. Mwanayu anavala buluku, ndipo amayi ake anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Paja kuyambira 1973 mpaka 1993 mkazi wovala buluku m'dziko muno ankalakwira lamulo. Koma sananene kanthu.

Chimene chinatikhudza panjira n'chakuti amayi ameneŵa akhala m'tsinde mwa phirili zaka zoposa 50, alikwera kosaŵerengeka, koma anali asanakwerepo pa galimoto ngakhale kamodzi. Ankadziŵa njira zachidule za oyenda pansi, monga ija amatsikira ogulitsa mbatata ya kachewere. Ankadziŵa pobisala alonda a nkhalango akamabwera. Koma malo amene alendo ochokera kutali amadzaona anali asanaimepo n'kupuma. Kale pamwamba paja panali nyumba zopumuliramo azungu, ndipo misewu inali iŵiri, wina wokwerera, wina wotsikira. Mayi wa mtolo pamutu ankadutsa msangamsanga maso ali pansi. Tinafunsana m'galimotomo, ndipo mwa ife asanu, atatu tinali chimodzimodzi. Anyamata ogulitsa masitoloberi ndi mabulosi m'mbali mwa msewu anathamangira galimoto yathu, ndipo amayi anadabwa kuti lero akutchedwa "bwana".

Galimoto ya ku Lilongwe inali itafika dzulo lake, itatengera amayi a ku Ntcheu panjira, ndipo anagona kwa mmodzi wa ife ku Matawale. Tinawapeza atakhala pa mkeka pafupi ndi damu, atafunda zitenje chifukwa kumwambako kumazizira ngakhale kuno kukutentha. Amayi athu anatsika, naona nkhalamba ziŵiri, ndipo mwaulemu wawo anapita kukapereka moni ngati kwa alendo. Anagwada nati, "Muli bwanji amayi?" Sanawazindikire m'pang'ono pomwe. Koma amayi a ng'ala aja anatukula mutu, natchera khutu, nawaitana ndi dzina la mwana wawo woyamba, "Make uje, ndinu kodi?"

Amayi anzathu, mwana ameneyo anamwalira zaka zambiri zapitazo, ndipo dzina limenelo palibe amaliitananso. Alendowo sankadziŵa. Amayi athu anangokhala pansi pa udzu, manja kumutu. Mnzathu wa chipatala anathamangira, koma iwo anamukankha pang'ono nakwaŵira pa mkeka paja. Ife tinali titakonzeka kululuta, nthungululu zinatithera pakhosi.

Tsono panachitika chinthu chimene mwana wa ku Durban uja sanachiganizire, ngakhale ife amene tikanayenera kuchidziŵa. Pa mwambo wathu, ukakumana ndi munthu amene anaferedwa iwe kulibe, suyamba ndi nthabwala. Umayamba wapepesa maliro. Ndiye amayi atatuŵa anali ndi maliro a zaka pafupifupi 50 oti apepesane. Anayamba ndi amuna awo, onse atatu anapita. Kenaka ana, mmodzimmodzi, dzina lake, matenda ake, kumene anaikidwa. Ambiri anapita m'zaka za m'ma 1990, pa matenda aja anatilanda ana ophunzira, ndipo muno mulibe nyumba imene sikudziŵa. Pomaliza analira mnzawo wa ku Nkhotakota. Dzina lililonse likatchulidwa ankagwirana manja n'kunena kuti, "Pepani achemwali, sitinamve." Ife tinakhala patali pang'ono, tiyi akuzizira m'fulasiki. Mwana uja anabwera kwa ife misozi ili mbwembwembwe, akuti walakwitsa, wawabweretsera amayi ake chisoni. Tinamuuza kuti akhale pansi adikire.

Dzuŵa litafika pamutu tinamva kuseka. Anali atayamba kukumbutsana za tsiku limene anathaŵa mlonda wa nkhalango, wina n'kutaya mtolo ndi mpango womwe. Pamenepo m'pamene mwanayu anakatenga makina aja nawaika pa mkeka. Amayi athu anaŵerama, mawu osatuluka. Mwini wake anawapapasa ndi manja, napeza chopukusira, nachizunguza. Atamva kulira kwake anati, "Mafuta mumathira ndithu. Ine ndinkayesa munagulitsa pa njala ya 2002." Amayi athu anayamba kufotokoza za mayunifolomu ndi za fizi, kuti anadyera chinthu cha eni. Koma anawadula pakamwa nati, "Ine ndinati mundisungire. Makina osagwira ntchito amachita dzimbiri. Mwasunga." Ndipo analoza kumene kunkamveka mawu a mwana uja nati, "Ndiye namwino ameneyu ndi wanganso, anaphunzira ndi makina anga. Abwere andione m'masomu."

Titadya tinakwera mpaka ku Emperor's View, pamene anaima mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia mu 1965. Pafupi pake pali Queen's View, pokumbukira amayi a Mfumukazi Elizabeth amene anafika mu 1957. Pamenepo tauni yonse ili pansi pako, Nyanja ya Chilwa ndi chilumba cha Chisi uko, ndi phiri la Mulanje likuoneka mwa chizimezime chifukwa cha utsi wa nyengo ino. Amayi a ku Ntcheu anadandaula kuona mbali zina za phiri zili mbee, pamene iwo anasiya mitengo ya paini yothithikana. Ndipo amayi a ng'ala aja anaima pakati, anzawo atawagwira uku ndi uku, akuwauza zimene zikuoneka: uko ndi kumsika, uko ndi ku Chinamwali kumene kwadzaza nyumba mpaka m'phiri. Anafunsa ngati Chilwa ali ndi madzi, pakuti anakumbukira pamene inauma mu 1968 matemba n'kusoŵa pamsika. Tinawauza kuti inaumanso mu 1995 ndi mu 2018, koma tsiku limenelo madzi ankanyezimira. Ku dzenje la Chingwe sitinapiteko, anati miyendo yakwana.

Alendowo anakhala masiku anayi kunyumba kwa amayi athu, atatu m'chipinda chimodzi, ndipo oyandikana nawo akuti nyali sinkazima. Makina anakangana nawo mpaka tsiku lomaliza, uyu akuti tengani, uyu akuti sungani. Pomaliza anagwirizana kuti apite kwa mdzukulu wa mwini wake amene akuphunzira utelala ku Lilongwe, ndipo anakwera nawo galimoto. Mwana wa ku Durban wabwerera kuntchito, koma walonjeza kuthandiza kuti amayi a ku Kawale akaonedwe maso ku chipatala, pakuti ng'ala imachotsedwa. Wawasiyiranso amayi ake foni, ndipo Lamlungu lililonse madzulo atatuŵa amayankhulana. Za nyanja yamchere akuti aganizabe, malinga anzawo apite nawo.

Chichokere kuphiri kuja, amayi anayi abwera kale kwa ife mwamseri, aliyense ndi dzina la mnzake amene anapita mu 1975 kapena pambuyo pake. Tatsegula tsamba kumapeto kwa buku la mlembi. Amene muli ndi dzina lotere mutipeze pakhomo tikamatuluka, mutiuze dzina la mnzanuyo, kwawo kwa amuna ake, ndiponso maina a ana ake, chifukwa ana ndiwo amapezeka msanga pa foni. Atsikana aŵiri a m'kwaya avomera kutithandiza kufufuza.