Amalonda Ang'ono ndi Malamulo a Msika ku Chigwa cha Shire

 Nkhani ya lero ikhudza anthu a malonda ang'ono-ang'ono: mwini okala pa Nchalo, mai wogulitsa mlamba wouma pa Bangula, wogula mbuzi pa Ngabu, mwini chigayo, ndiponso mlimi wa thonje, pakuti nayenso ngwamalonda tsiku limene apita ndi thonje lache ku sikelo.

Ambiri a inu muyesa kuti lamulo liri ngati madzi a Shire, amene amadzaza m'dimba mwanu chifukwa cha mvula imene inagwa kutali kumene inu simunaione. Nzoona, madzi simungawauze kanthu. Koma lamulo amalemba ndi anthu, ndipo anthuwo amamva mau a iwo amene afika pa khomo pao nthawi ikadalipo.

Taonani mbiri ya thonje m'chigwa muno. M'zaka za m'ma 1920 Boma la Atsamunda linapatsa bungwe la British Cotton Growing Association mphamvu yogula thonje la alimi a m'midzi. Mu 1956 nchito yogula mbeu inaikidwa m'manja mwa Agricultural Production and Marketing Board. Mu 1962 kunadza Farmers Marketing Board, ndipo mu 1971 kunabadwa ADMARC. Kuyambira 1987 anthu wamba analoledwa kugula mbeu zambiri, thonje linatsatira pambuyo pache. Maina anasintha, ogula anasintha, ndipo kusintha kuli konse kunadza ndi lamulo. Mlimi wa kwa Ngabu kapena wa kwa Tengani kawiri-kawiri anangomvera pa msika kuti chaka chino wogula ndi wina.

Kumbukiraninso za masitolo. M'zaka za m'ma 1970 lamulo linachotsa Amwenye m'midzi ndi m'malo ang'ono a malonda, kuti azichita malonda ao m'matauni akulu okha. Cholinga chinali chakuti eni dziko atenge malondawo. Ena anawatengadi nakhoza, koma masitolo ambiri anangotsekedwa, chifukwa olowa m'malo analibe ndalama zoodera katundu, ngakhale wowakongoza. Lamulo lolembedwa chifukwa cha munthu wamng'ono lingathe kumusiya pa dzuwa, ngati munthuyo sanafunsidwe chimene chimusowa.

Tsono lero zinthu ziri bwanji? Mu 2013 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la thonje, limene linabala bungwe la Cotton Council of Malawi, lopereka ziphaso kwa ogula thonje. Chaka ndi chaka Unduna wa Malimidwe umalengeza mitengo yoyambira ya mbeu, imene wogula sayenera kutsika nayo. Ndipo sikelo iri yonse yochitira malonda iyenera kuyesedwa ndi a Malawi Bureau of Standards. Malamulo alipo ndithu. Bvuto nlakuti lamulo limene palibe wolifunsa limagona m'kabati.

Mwa zitatuzi, ine ndiona kuti sikelo ndiyo yaikulu, ndipo ndifuna kuti inu ogula mbeu mumvetse bwino pamenepa. Tiyese kuti sikelo ya munthu wina imaba makilogalamu 2 pa thumba liri lonse la makilogalamu 50. Pa matumba 20 waba makilogalamu 40, pafupi-fupi thumba lathunthu la chitowe kapena nandolo limene sanalipire. Popeza ali ndi thumba laulere limeneli, angathe kulemba pa chikwangwani chache mtengo wokwera kuposa wanu. Alimi adzathamangira kwa iye, poyesa kuti apindula, ndipo inu amene munadula chiphaso ndi kuyesetsa sikelo yanu mudzakhala tsiku lonse mukuingitsa ntchentche. Motero sikelo yabodza imabera anthu awiri, mlimi ndi wogula wachilungamo. Kodi nchifukwa ninji awiriwa amayang'anana ngati adani, m'malo mopita pamodzi kukapempha kuti oyesa sikelo afike nyengo yogula isanayambe?

Mudzafunsa kuti, tipite kwa yani? Lilongwe ndi kutali, inde, koma malamulo ambiri amene amakukhudzani tsiku ndi tsiku sachokera ku Lilongwe. Lamulo la Maboma Ang'ono la 1998 linapatsa makhonsolo mphamvu yopanga malamulo ao a m'boma, ndipo msonkho wa pa msika ndi malo ogulitsirapo ziri m'manja mwa khonsolo ya Chikwawa ndi ya Nsanje. Kuyambira 2005 kufikira 2014 dziko linakhala lopanda makhansala, ndipo kapena nchifukwa chache ena anaiwala njira imeneyi. Koma tsopano makhansala alipo, munawasankha ndinu, ndipo mafumu akulu amakhala nao m'misonkhano ya khonsolo.

Popita kumeneko musapite mmodzi-mmodzi. Munthu mmodzi wodandaula amamuyesa waphokoso. Komiti ya msika yokhala ndi kalata ndi maina a anthu ache amaipatsa mpando. M'kalatamo musalembe madandaulo khumi. Sankhani chimodzi kapena ziwiri, ndipo nenani chimene mufuna chichitike: kuti wotolera msonkho azipereka risiti nthawi zonse; kuti pa msika pakhale sikelo imodzi yoyesedwa, pamene munthu ali yense angayeserepo thumba lache asanagulitse; kapena kuti msonkho uziyamba waimitsidwa madzi akaononga msika, pakuti inu amene munaona chigumula cha 2015 ndi namondwe wa Freddy mu 2023 mudziwa kuti pamapita miyezi munthu asanaimenso pa miyendo yache.

Samalaninso nthawi. Kuyambira 2022 chaka cha ndalama za Boma chimayamba pa 1 April. Amene afika ndi pempho lache mu May apeza ndondomeko ya ndalama yatha kale kulembedwa, ndipo adzauzidwa kuti adikire chaka cha mawa. Kalata yanu ifike mvula isanagwe, khansala asunge ina, inunso musunge yanu.

Chinanso chimene ambiri sachidziwa ndi ichi. Kuyambira September 2020 lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani ku maofesi a Boma likugwira nchito. Motero komiti ya msika ingathe kulemba kalata yofunsa kuti khonsolo inatolera ndalama zingati pa msika wao chaka chatha, ndi kuti zingati zinabwerera kudzakonza zimbudzi, madzi ndi mashedi. Funsani mwaulemu, lembani tsiku limene mwapereka kalatayo, ndipo yankho likabwera mukaliwerenge pa msika, anthu onse akumva.