Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Tsiku la Zanyengo la Dziko Lonse, ku Lilongwe



Lero pa 23 March ndikufuna tikambe za chipangizo chimene palibe mmodzi wa ife pano ku City Centre adachionapo ndi maso, koma chimatigwirira ntchito usana ndi usiku. Chimakwera pa setilaiti ngati Metop, ya bungwe la ku Ulaya la EUMETSAT, imene imauluka pamtunda wa makilomita opitirira 800 ndi kuzungulira dziko maulendo 14 patsiku. Ntchito yake ndi kumvetsera mafunde a microwave. Anzathu a ku Area 10 ndi Area 43 musaganize za kauvuni kofunditsira ndiwo kaja. Chipangizochi sichitulutsa mafunde ayi, chimangotchera khutu.

Chimamvetsera chiyani? Chilichonse chofunda chimatulutsa mphamvu, monga mbaula imene mumaimva pankhope musanaikhudze. Mpweya wa okosijeni umatulutsa mafunde ake pakati pa 50 ndi 60 GHz. Popeza kuchuluka kwa okosijeni mumlengalenga n'kodziwika kale, mphamvu ya mafundewo imaulula kutentha kwa mpweyawo. Luso lenileni lili apa: chipangizo cha AMSU-A, chimene chidayamba kuuluka mu 1998, chili ndi matchanelo 15. Ena amamva mpweya wa pamwamba penipeni pokha, ena amafika m'munsi kufupi ndi nthaka. Mukawaphatikiza, mwadziwa kutentha kwa mlengalenga kuyambira pansi mpaka pamwamba, ngakhale pakati pa nyanja pamene palibe woulutsa chibaluni choyezera nyengo. Nayo nthunzi ya madzi imamveka pa 183 GHz ndi pa 23.8 GHz, ndipo m'menemo ndi m'mene timadziwira chinyezi chimene chidzasanduke mvula.

Ubwino wake waukulu ndi woti mafundewa amapyola mitambo yambiri, pomwe kamera wamba imangoona pamwamba pa mtambo basi. Namondwe Freddy asanatipweteke mu March 2023, adayenda milungu ingapo pa nyanja ya Indian Ocean kuchokera kufupi ndi Australia. Maso amene ankasuzumira m'kati mwake nthawi yonseyo adali a zipangizo zoterezi. Chenjezo lidaperekedwa. Kuti anthu mazanamazana adatisiyabe ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe, chimenecho ndi chifukwa choti tidzifunse ife, osati setilaiti. Ndipo tisamati za kum'mwera zokha. Okhala m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, ku Mtandire ndi Area 47, akukumbukira madzi osefukira a mu 2017.

Tsono pempho langa ndi ili. Mafunde amenewa ndi ofooka kwambiri, ndipo sitingawasunthe, pakuti adawaika pamenepo ndi Namalenga, osati komiti. Pomwepo pafupi ndi 23.8 GHz mayiko adagwirizana mu 2019, ku Sharm el-Sheikh, kuti pazidutsa mafoni a 5G. Intaneti yothamanga tonse tikuifuna, inenso ndikuifuna. Koma nsanja za mafoni zikachita phokoso lopyola malire, setilaiti idzayesa phokosolo ndi chinyezi, ndipo ulosi wa mvula udzasokera. A MACRA, pogawa mafunde muzikhala pansi ndi anzathu a Nthambi Yoona za Kusintha kwa Nyengo ndi Zanyengo.

Mafumu athu, nanunso muli ndi gawo. Zimene setilaiti yamva zimatsimikizidwa ndi zoyezera zapansi, monga za ku Chitedze ndi ku bwalo la ndege la Kamuzu. Wakuba sola pa siteshoni ya zanyengo wabera mudzi wonse, ndipo mlandu wake musamaunyengerere.

Inu ophunzira, limbikirani masamu ndi fizikisi, chifukwa manambala amenewa akufunika Amalawi owamasulira.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti mwambo wathu watsegulidwa.