Nyumba ya Eorl, Oŵeta Akavalo a m'Nthano ya Tolkien

Mitundu yonse ya anthu ili ndi nthano zake, ndipo m'nthano zambiri chiŵeto chimayenda ndi mbuye wake monga mbale. Nkhani ya lero ikunena za banja lina lachifumu limene silidakhalepo pa dziko lino lapansi, koma likupezeka m'mabuku a mlembi wa ku England, J. R. R. Tolkien. Banjali lidatchuka ndi kuŵeta akavalo, ndipo m'mafumu ake ena mudali magazi a mitundu iŵiri, wa anthu ndi wa ma Elf.

Tolkien adabadwira ku Bloemfontein, m'dziko limene lero ndi South Africa, m'chaka cha 1892, ndipo adakulira ku England. Ali pa maphunziro ku Oxford adaloŵa kwa kanthaŵi gulu la asilikali okwera akavalo lotchedwa King Edward's Horse, ndipo m'chaka cha 1916 adamenya nawo nkhondo ya ku Somme, m'dziko la France. Kuyambira 1925 adali mphunzitsi wamkulu wa Chingerezi chamakedzana pa yunivesite ya Oxford. Buku lake lalikulu, The Lord of the Rings, lidasindikizidwa m'zigawo zitatu m'zaka za 1954 ndi 1955. Iye adamwalira m'chaka cha 1973, koma mwana wake Christopher adasonkhanitsa zolemba zimene zidatsala natulutsa mabuku ena, monga Unfinished Tales la 1980. Mbiri ya banja la oŵeta akavaloli ikuchokera m'mabuku aŵiri ameneŵa.

Omvera ayenera kuyamba adziŵa kuti ma Elf ndi ayani. M'nthanoyi iwo si mizimu ya makolo kapena ziŵanda. Ndi mtundu wofanana ndi anthu m'maonekedwe, koma wokongola ndi wanzeru koposa. Sakalamba monga anthu, safa ndi matenda, ngakhale kuti angathe kuphedwa pankhondo. Amamvana ndi nyama mwa njira imene munthu wamba sangaifikire. Ukwati wa munthu ndi Elf umachitika kamodzikamodzi, ndipo kaŵirikaŵiri umatha ndi misozi, pakuti mmodzi amakalamba ndi kufa, mnzake akali monga adalili tsiku la ukwati.

Banja la Eorl lidayamba ndi maliro. Kumpoto, kufupi ndi magwero a mtsinje waukulu wa Anduin, kudali mtundu wa anthu wotchedwa Éothéod, ndipo mtsogoleri wawo Léod adali katswiri wozoloŵetsa akavalo akuthengo. Tsiku lina adagwira mwana wa kavalo woyera, amene adakula nakhala wamphamvu ndi wonyada, wosalola kukweredwa. Léod atayesa kumkwera, kavaloyo adathamanga naye namgwetsa, ndipo mutu wake udagunda mwala nafera pomwepo. Mwana wake Eorl adali ndi zaka 16 zokha.

Eorl adamsaka kavaloyo nthaŵi yaitali, ndipo anzake adayembekeza kuti akampeza adzamlasa ndi muvi. Koma atampeza adamuitana namuuza kuti ali ndi mlandu wa magazi a atate ake, ndipo dipo lake likhala ufulu wake: adzamtumikira kufikira imfa. Kavaloyo adagonja. Eorl adamutcha Felaróf, namkwera popanda chitsulo cha m'kamwa kapena zingwe. Nthanoyi ikuti kavaloyu ankamva chilankhulo cha anthu, ndipo adakhala ndi moyo zaka zofanana ndi za munthu. Mbumba yake idatchedwa mearas, akavalo amene sankalola kukweredwa ndi wina aliyense koma mfumu ndi ana ake. Motero chuma chachikulu cha banjali chidachokera pa mlandu umene udatha ndi dipo m'malo mwa kulipsira.

M'chaka cha 2510 cha Nyengo Yachitatu, monga mwa kaŵerengedwe ka m'bukumo, dziko la Gondor lidazingidwa ndi adani. Cirion, mdindo amene ankasunga mpando wa ufumuwo, adatumiza mithenga kumpoto kukapempha thandizo. Eorl adatsika ndi ankhondo ake apakavalo, nafika pa dambo la Celebrant asilikali a Gondor ali pafupi kutha, ndipo adaniwo adabalalika. Pothokoza, Cirion adapatsa Eorl chidikha chachikulu cha msipu chotchedwa Calenardhon, chimene pambuyo pake chidatchedwa Rohan. Eorl naye adalumbira kuti iye ndi zidzukulu zake adzathandiza Gondor nthaŵi zonse za mavuto. Mbendera ya dziko latsopanoli idali yobiriŵira, yokhala ndi kavalo woyera pakati. Eorl atafa pankhondo m'chaka cha 2545, Felaróf adaikidwa naye m'mtumbira umodzi.

Patapita zaka pafupifupi 500, ulemu wa banjali udayesedwa. Sauron, mfumu yoipa ya ku Mordor, adafuna kugula akavalo a ku Rohan pa mtengo waukulu. Eni ake adakana, podziŵa kuti iye amagwiritsa nyama ntchito zoipa. Tsono Sauron adatumiza asilikali ake ankhanza otchedwa ma Orc kukaba, ndipo ankasankha akavalo akuda, kotero kuti akuda adatsala oŵerengeka m'dzikomo. M'maiko oyandikana mudamveka mphekesera yoti a ku Rohan amapereka akavalo kwa Sauron monga msonkho, ndipo bodza limeneli lidaŵaŵaŵa kwambiri, pakuti kwa iwo kavalo adali wotsatana ndi mbale wa magazi.

Nthaŵi yomweyo m'nyumba yachifumu ya Meduseld mudali vuto lina. Mfumu Théoden idafooka chifukwa chomvera nduna yake Gríma, mthirakuŵiri amene ankatumikira mdani mobisa. Gandalf, nkhalamba yanzeru ndi ya mphamvu zodabwitsa, itabwera kudzachenjeza mfumu, idauzidwa kuti itenge kavalo aliyense ndi kuchoka. Gandalf adasankha Shadowfax, mkulu wa mearas onse, ndipo mfumu idakwiya kwambiri. Koma Gandalf atabweranso naidzutsa mfumuyo ku ulesi ndi mantha ake, Théoden adampatsa Shadowfax monga mphatso. Kwa nthaŵi yoyamba kavalo wa mbumba ya Felaróf adanyamula munthu wa kunja kwa banja. Masiku omwewo Éomer, mwana wa mlongo wake wa mfumu, adabwereka alendo atatu akavalo aŵiri, ngakhale kuti lamulo la mfumu silinkalola alendo kuyendayenda m'dzikomo. Mmodzi wa alendowo, Legolas, adali Elf. Iye adapempha kuti achotse chishalo ndi zingwe pa kavalo wolusa wotchedwa Arod, ndipo kavaloyo adammvera ndi mau okha, monga Felaróf adamvera Eorl.

Magazi a ma Elf adaloŵa m'banjali podzera kwa akazi aŵiri ochokera kumwera. M'mphepete mwa nyanja ya Gondor mudali banja la akalonga a ku Dol Amroth. Mwa mbiri ya banja lawo, kholo lawo Imrazôr lidasunga mkazi wa mtundu wa ma Elf dzina lake Mithrellas, amene adasokera m'mapiri, ndipo pambuyo pake lidamkwatira. Iye adabala ana aŵiri, Galador ndi Gilmith, koma usiku wina adachoka mwakachetechete, ndipo mwamuna wake sadamuonenso. Galador ndiye adakhala mwini woyamba wa Dol Amroth. Patapita mibadwo yambiri, Thengel wa ku Rohan adakwatira Morwen wa ku Lossarnach, mdzukulu wa akalonga ameneŵa, ndipo Morwen ndiye adabala Théoden. Éomer ndi mlongo wake Éowyn adali zidzukulu zake. Anthu ankati msinkhu wa Éomer ndi mayendedwe aulemu a Éowyn zidachokera kwa agogo awo aakaziwo.

Lumbiro la Eorl lidakwaniritsidwa m'chaka cha 3019. Mzinda wa Minas Tirith utazingidwa, Théoden adatsogolera ankhondo apakavalo 6,000 kukathandiza Gondor, ngakhale kuti dziko lake lomwe lidali pangozi. Pa dambo la Pelennor, kavalo wake Snowmane adalasidwa namgwera, ndipo mfumu idafa. Monga Léod pachiyambi, Théoden adafa ndi kavalo wake yemwe, komabe anthu ake sadamnyoze kavaloyo. Adamkumbira manda naimikapo mwala. Éowyn, amene adapita kunkhondoko atadzibisa m'zovala za msilikali, adaima pakati pa malume ake ndi mkulu wa ankhondo a Sauron, namupha mothandizidwa ndi mnzake wamng'ono Merry.

Mwana wa Théoden, Théodred, adali ataphedwa kale pankhondo ina, motero ufumu udapita kwa Éomer. Ku Rohan mpando unkatsata mzere wa atate, koma kaŵiri udagwera mwana wa mlongo wa mfumu, poyamba Fréaláf m'chaka cha 2759, kenaka Éomer. Omvera amene kwawo ufumu umatsata kuchikazi sangadabwe nazo zimenezi. M'chaka cha 3021 Éomer adakwatira Lothíriel, mwana wa Imrahil, kalonga wa ku Dol Amroth, ndipo adalamulira zaka 65. Mwana wawo adatchedwa Elfwine, ndiko kuti bwenzi la ma Elf.

Maina ameneŵa Tolkien adaŵatenga ku Chingerezi chamakedzana chimene ankaphunzitsa. M'chilankhulocho eoh ndi kavalo, motero Éowyn ndiye chimwemwe cha kavalo, ndipo Éomer ndiye wotchuka ndi akavalo. Théoden ndi liwu lotanthauza mfumu. Kufupi ndi Oxford, pa phiri la Uffington, pali chithunzi cha kavalo woyera chotalika mamita pafupifupi 110, chimene anthu akale adachikumba m'nthaka yoyera zaka pafupifupi 3,000 zapitazo, ndipo ambiri amati mbendera ya Rohan idachokera pamenepo. Angerezi akale ankamenya nkhondo ali pansi, ndipo m'chaka cha 1066 adagonjetsedwa ku Hastings ndi a Norman, amene adali ndi asilikali apakavalo. Katswiri wa zolemba za Tolkien, Tom Shippey, adaona kuti mlembiyu adapatsa makolo akewo m'nthano chimene adachisoŵa m'mbiri yeniyeni.

Anthu ambiri adaliona banjali m'mafilimu aŵiri a Peter Jackson, amene adajambulidwa ku New Zealand natuluka m'zaka za 2002 ndi 2003. Koma wofuna mbiri yonse, kuyambira pa imfa ya Léod kufikira kwa Elfwine, aipeza m'masamba akumapeto a The Lord of the Rings, m'mene mafumu onse a Rohan adalembedwa mmodzimmodzi pamodzi ndi zaka zawo.