CHITHOKOMIRO NDI OPALESHONI PA NTHAWI YA MLIRI

(Mawu amene mnzathu wina wogwira ntchito m'boma anayankhula pa msonkhano wathu wa pachaka)



Ine si dokotala. Koma mukudziwa kuti munthu ukangofika ku yunivesite, kumudzi amakuyesa wodziwa zonse, ndipo wodwala asanakwere basi ya ku Lilongwe amayamba wagogoda pakhomo pako. Tsono ndi bwino kuti pogogodapo apeze yankho loona.

Tonse amene tinakulira m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi tinawaona amayi otupa pakhosi. Ena ankati n'kulodzedwa. Gwero lake kawirikawiri ndi kusowa kwa ayodini, amene mvula inamukokolola kalekale m'nthaka ya kumapiri. Chiwalo cha pakhosi chikamusowa chimakula. Mu 1995 dziko lathu linakhazikitsa lamulo loti mchere uzikhala ndi ayodini, ndipo zimenezi zateteza ana ambiri. Koma chotupa chakale chimene chinalimba sichiphwa ndi mchere.

Si chithokomiro chilichonse chimene chimafuna mpeni. Madokotala amachita opaleshoni chikayamba kufinya njira ya mpweya kapena ya chakudya, akakayikira khansa, kapena chikamagwira ntchito mopyola muyeso mankhwala n'kulephera.

Nanga mliri ukagwa? Tinaziona Covid-19 itapezeka m'Malawi pa 2 April 2020, makamaka mu January 2021 pamene bwalo la masewero la Bingu linasanduka chipatala. Tinazionanso ndi kolera amene anayamba mu March 2022 n'kupha anthu oposa 1,700. Nthawi zotere mabedi, okosijeni ndi anamwino zimapita kumliri, ndipo madokotala amasankha woyamba ndani. Amene akubanika sadikira. Wokayikiridwa khansa adikire pang'ono chabe. Amene chotupa chake sichimuvuta angathe kudikira miyezi. Kumeneku si kukondera ayi.

Opaleshoni imeneyi imachitikira pakhosi penipeni. Pomugoneka wodwala amamulowetsa chubu m'njira ya mpweya, ndipo apa ndi pamene kachirombo ka chifuwa kamauluka n'kugwira onse a m'fiyeta. N'chifukwa chake amayamba amuyeza, amavala masiki olimba, ndipo amachepetsa anthu m'chipindamo. Kafukufuku wa maiko ambiri wa mu 2021 anaonetsa kuti munthu amene wadwala Covid-19 ndi bwino adikire masabata 7 ngati opaleshoni yake si yadzidzidzi. Palinso china: chifuwa chimagwedeza bala, ndipo magazi akaunjikana m'khosi amatseka mpweya msanga. Pa kolera nkhondo yake ndi ya madzi, manja ndi chakudya chimene ife odikirira odwala timalowa nacho m'wodi.

Mayi wina wa kwathu anabwezedwa kawiri mu 2021. Achibale anakwiya nati apite naye kwa sing'anga akamutemere mphini. Tinawaletsa. Mliri utatsika anamuchita opaleshoni, ndipo lero akulima mtedza. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Koma kudekha si kugona. Auzeni abale athu kuti munthu akayamba kupuma moliza khweru, kulephera kugona chagada, kutsamwa ndi nsima, mawu kusasa, kapena chotupa kukula msanga, athamangire ku chipatala cha boma ku Dowa kapena ku Ntchisi ngakhale mliri uli pakati, kuti ngati n'kofunika amutumize ku Kamuzu Central. Akachitidwa opaleshoni, usiku woyamba wodikirira asagone: khosi likatupa aitane namwino pomwepo. Milomo ndi zala zikamachita dzanzi anenenso, chifukwa kashiamu amakhala watsika. Ndipo amene amuchotsa chiwalo chonse amamwa mapilitsi a thyroxine moyo wake wonse. Mliri usamuopseze kukatenga mankhwala.

Pempho langa, a Wapampando, ndi ili. M'thumba la bungwe lathu tipatuleko kangachepe kolipirira ulendo wa odwala otere ndi owadikirira, poti ambiri amaphonya tsiku lawo chifukwa chosowa ya basi. Ndipo popita kumudzi tisamangonyamula shuga ndi sopo. Tinyamulenso mchere wa m'paketi wolembedwa kuti uli ndi ayodini, tiwauze kuti aziusunga m'chitini chotseka, kutali ndi moto ndi dzuwa.