ANA ATHU NDI MBALA ZA M'MASEWERA A PA LAMYA

Mau amene ananena mmodzi wa aphunzitsi a sukulu za pulaimale pa msonkhano wa bungwe lathu.



Pamene a komiti ananditumizira mau akuti ndidzalankhule lero, ndinacita mantha, pakuti ndine wamng'ono pakati panu, ndipo ena a inu munayamba kugwira coko ine ndisanabadwe. Koma anati nkhani ya malamya iyenera anyamata, ndipo ndinabvomera. Ndidzakuuzani zimene ndinaona ndi maso anga, ndipo pamene ndidzalakwa, inu akulu mudzandikonza.

M'kalasi langa la Giredi 6 muli mnyamata wina wa zaka 12, wanzeru pa masamu, amene dzina lace ndilibisa. Akhala ndi ambuya ace okha. Amalume ace agwira nchito ku Kitwe, ndipo amatumiza ndalama pa lamya imene anagulira nkhalambayo. Popeza ambuya sadziwa kuwerenga, mnyamatayu ndiye amapita nayo lamya kwa wopereka ndalama, ndipo nambala ya cinsinsi aidziwa ndi iye. Madzulo amamlola kusewera nayo.

M'masewera amenewo anapezana ndi munthu wina amene ananena kuti ali ndi zaka 13. Anasewera pamodzi masabata awiri, ndipo munthuyo anampatsa kamphatso ka m'masewera. Tsiku lina anati, "Ndiri ndi mphatso yaikulu yoposa ija. Padzafika uthenga pa lamya yako. Ulembe nambala ya cinsinsi msanga kuti uilandire." Mnyamata analemba. Pomwepo K300, ndalama za feteleza, zinacoka. Pamene analira, munthu uja anati, "Makina alakwa. Tumiza K150 kuti zonse zibwerere, koma usauze munthu, cifukwa apolisi adzakumanga kuti waba ndalama za ambuya." M'mawa mwace anatumiza zotsalazo.

Masiku atatu sanabwere ku sukulu. Lacinai ndinapita kwao, ndipo ndinampeza ku dimba, ali yekha, asanadye kanthu. Poyamba anakana kulankhula. Mau ace oyamba anali funso lakuti, "Aphunzitsi, kodi adzandimenya pa asembule?"

Ndinabwerera ku nyumba mtima uli wolema. Ndinaona kuti mwanayo anaberedwa kawiri. Poyamba anagwa ndi cinyengo, koma kaciwiri anagwa ndi mantha, ndipo mantha amenewo sanawalenge wakubayo. Anawapeza alipo kale, nangowagwiritsa nchito. Ndi ife akulu amene tinawabzala. Ici ndico cinthu cimodzi cimene ndabwera naco lero: mbala ya m'masewera ikhulupirira kuti mwana adzakhala cete, ndipo nchito yathu yaikulu ndiyo kupanga ana amene aulula msanga.

Koma tiyambe tadziwa masewera amenewa, pakuti munthu sateteza munda umene sanaupondepo. Ambiri a iwo alowedwa kwaulere, ndipo eni ace apeza phindu pa kugulitsa zinthu za m'kati: zobvala za kamunthu ka m'sewero, utoto wa mfuti, magule ndi zina zotero. Sewero liri lonse liri ndi ndalama zace. Mu Free Fire, limene linaturuka m'caka ca 2017 kucokera ku kampani ya Garena ya ku Singapore, muli madayamondi. Mu PUBG Mobile, la 2018, muli UC. Mu Roblox, limene linayamba mu 2006, muli Robux, ndipo mu Fortnite, la 2017, muli V-Bucks. Zonsezi zigulidwa ndi ndalama zeni-zeni. Ife tingaseke kuti malaya a kamunthu ka pa galasi ali ciani, koma kumbukirani manyazi a mwana wofika ku sukulu wopanda nsapato pamene anzace onse abvala. Manyazi omwewo ali m'masewera, ndipo ndiwo khomo lolowera mbala.

Ngakhale akulu amasokonezeka ndi malonda otere. Mu December 2022, kampani ya Epic Games, mwini wa Fortnite, inabvomera kulipira madola 520 miliyoni pa milandu imene boma la America linaiimba. Mwa ndalamazo, madola 245 miliyoni anali obwezera anthu amene analipiritsidwa pa zinthu zimene sanafune kugula, ndipo zina za izo anagula ndi ana makolo ao osadziwa. Ngati mabatani a kampani yodziwika anasoceretsa anthu a dziko limene ana abadwira pakati pa makompyuta, nanga mwana wa ku Katete kapena ku Lundazi adzalimba bwanji pamaso pa munthu amene nchito yace ndiyo kunyenga?

Misampha yace ndi yambiri, koma ndichula isanu.

Woyamba ndiwo wa zaulere. Mwana aona kanema pa YouTube kapena TikTok, kapena uthenga pa WhatsApp, wonena kuti pali tsamba la pa intaneti lopatsa madayamondi kapena Robux kwaulere. Tsambalo lifanana ndi la eni sewero, ndipo lifunsa dzina ndi mau a cinsinsi olowera. Akalemba, wakuba alowa, nasintha mauwo, ndipo zonse zimene mwana anasonkhanitsa zatayika. Ngati analowera ndi Facebook ya amai ace, nayonso yagwidwa, ndipo wakuba ayamba kupempha ndalama kwa abale m'dzina la amaiwo. Makina opanga ndalama za m'sewero kwaulere kulibe. Onse ali bodza.

Waciwiri ndiwo umene unagwira mnyamata wanga. Nambala ya cinsinsi ya ndalama za pa lamya siifunika polandira ndalama. Ifunika poturutsa cabe. Momwemonso manambala amene amabwera pa uthenga pamene munthu afuna kulowa m'akaunti ali ngati kiyi wa nyumba. Wonena kuti, "Ndiwerengere manambala amene afikawo," ali pa khomo kale, ndipo asowa kiyi yekha.

Wacitatu ndiwo wa wogulitsa wochipa. Alonjeza madayamondi pa theka la mtengo, alandira ndalama, natseka lamya yace.

Wacinai ndiwo wa kusinthana. Ati, "Yamba ndiwe kundipatsa cako, kuti ndione ngati undikhulupirira." Akalandira, asowa. Kawiri-kawiri wocita ici ali mwana mnzace, ndipo tisaiwale kuti m'kalasi mwathu mungakhale wonyenga pamodzi ndi wonyengedwa.

Wacisanu ndiwo woopsa koposa. Munthu wamkulu adziyesa mwana, apatsa mphatso, naitana mwanayo kuti acoke m'sewero akalankhulane kwina kumene ali awiri. Pambuyo pace apempha zithunzi zosayenera, ndipo akazipeza aopseza kuti adzazionetsa kwa onse ngati salandira ndalama. Apa sicitayika cuma cokha, koma mtendere wa mwana, ndipo nthawi zina moyo umene.

Mukayang'anitsa, misampha yonseyi yalukidwa ndi zingwe zitatu. Pali nyambo yokoma koposa muyeso. Pali liwiro, pakuti wakuba safuna kuti mwana agone nayo nkhani. Ndipo pali cinsinsi. Makolo athu anati cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo anatinso safunsa anadya phula. Nzeru imene tifuna kuphunzitsa si yacilendo iai. Yabvala malaya atsopano cabe.

Tsono ticite ciani? Ndidzanena zimene tinayesa pa sukulu yathu.

Poyamba ndinafunsa ana kuti andiphunzitse masewera ao. Anadabwa, naseka, koma tsiku lomwelo ndinamva nkhani za kuberedwa zimene sindikadazimva mwa njira ina. Mwana sauza mabvuto ace munthu amene anyoza cimene iye acikonda.

Kenaka tinalemba mafunso atatu pa cipupa. Kodi andipatsa caulere cifukwa ninji? Kodi andifulumiza cifukwa ninji? Kodi akuti ndisauze munthu cifukwa ninji? Pansi pace tinalemba lamulo limodzi, lakuti mau a cinsinsi, nambala ya cinsinsi ndi manambala ofika pa uthenga sizipatsidwa kwa munthu ali yense, angakhale bwenzi, angakhale wonena kuti agwira nchito ku kampani ya sewero kapena ya malamya.

Koma kuloweza pamtima sikukwanira. Tinacita timasewero, ine ndikhala wakuba, mwana nakhala ndi slate m'malo mwa lamya. Ndinamnyengerera, ndinamtamanda, ndinamuopseza, kufikira anazolowera kunena kuti, "Ndiyambe ndafunsa kwathu," ndi kuika lamya pansi. Tsiku loyamba ambiri anagwa, kalasi lonse likuseka. Patapita masabata owerengeka anali kundigwira ndisanamalize mau. Mwana amene anakana kakhumi m'kalasi sabvutika kukana kamodzi usiku ali yekha.

Pa phunziro la masamu tinatembenuza madayamondi akhale makwaca, ndi makwaca akhale makope, sopo ndi ufa. Ana ena anayamba tsiku lomwelo kuona kuti ndalama za m'sewero zicokera m'thumba la amai.

Tinaitananso makolo. Tinawapempha kuti asinthe nambala ya cinsinsi ngati mwana aidziwa, ndipo kumene mwana ndiye maso a nkhalamba, ndalama zazikulu zisagone m'lamya imene asewera nayo. Tinawapempha kuti ana asewere pa khonde pamene pali anthu, osati m'bulangeti. Tinawauza zocita cinthu cikacitika: kuimbira msanga kampani ya lamya, kusintha manambala ndi mau onse a cinsinsi, kusunga mauthenga osafafaniza ngakhale umodzi, ndi kukanena ku polisi ndi ku ZICTA, bungwe la boma loyang'anira za malamya ndi intaneti. Asalipire munthu wolonjeza kubweza zotayika, pakuti ameneyo ndiye wakuba waciwiri, kapena woyamba yemweyo. Ndipo mwana ali yense adziwe nambala 116, ya Childline, imene aimba kwaulere ngati aopa kulankhula ndi a kwao.

Comaliza ndico cimene cinabvuta. Ndinapempha mphunzitsi wamkulu kuti alonjeze pamaso pa sukulu yonse kuti mwana wodza yekha kudzaulula kuti wanyengedwa sadzanyozedwa pa gulu, ndipo mphunzitsi adzamperekeza kwao kukalankhula ndi makolo. Mnzathu wina wacikulire, amene ndimlemekeza kwambiri, anatsutsa. Anati, "Mudzaononga ana. Mnyamatayo anagwira ndalama zosakhala zace. Kodi timuombere m'manja?" Funso limeneli liri ndi nzeru, ndipo sindinalipeputse. Zoona, mwanayo analakwa, ndipo kulakwa kuyenera kukonzedwa. Iye anagwira nchito ku dimba Loweruka liri lonse, nagulitsa ndiwo, kufikira anabweza gawo la ndalamazo, ndipo lamya sanaikhudze mwezi wathunthu. Koma kulanga colakwa ndi kwina, kulanga kuulula ndi kwinanso. Tikamenya mwana pa tsiku limene wanena zoona, onse oona aphunzira kuti cowawa cidza ndi kunena, ndipo wotsatira adzabisa. Ndodo inaletsedwa m'sukulu za dziko lino m'caka ca 2003, koma kunyazitsa mwana pamaso pa anzace kupweteka monga ndodo, ndipo ambiri a ife tikali kucita.

Ena adzati tingoletsa malamya. Ku sukulu tingathe, ndipo nkoyenera. Koma lamya iri m'nyumba, iri kwa mnansi, iri pa msika, ndipo mwana woletsedwa asewera mobisa. Wosewera mobisa akaberedwa sangathe kulira mokweza, pakuti kulira kwace kudzaulula mlandu wace. Ameneyo ndiye nyama imene mbala iifuna.

Ndalama za ambuya aja sizinabwerere, cifukwa tinacedwa masiku anai, ndipo caka cimeneco cimanga cao cinalandira feteleza wocepa. Madzulo aja, pamene mnyamata anagwada nanena zonse, nkhalambayo inakhala cete nthawi yaitali, kenaka inati, "Ukadandiuza tsiku lomwelo, mwana wanga, tikadalira kamodzi." Patapita miyezi iwiri, mtsikana wina wa m'kalasi lomwelo anadza kwa ine m'mawa ndi lamya ya amai ace, nati, "Aphunzitsi, uyu akuti ndisauze munthu." Sanataye ngakhale ngwee imodzi. Amene anamuuza kuti abwere kwa ine ndi mnyamata yemwe uja.

Anzanga, ambiri a ife sitidzadziwa makompyuta monga mbala ziwadziwa, ndipo misampha idzasintha caka ndi caka. Koma kukhala munthu amene mwana athamangirako pamene walakwa, ici mphunzitsi ali yense angathe, wamng'ono ndi wamkulu yemwe. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndikupemphani kuti pobwerera ku masukulu athu, yense afunse ana ace sabata lomwelo masewera amene asewera, ndi kuwalonjeza kuti khomo lace liri lotseguka; ndipo pa msonkhano wotsatira tidzauzane zimene tapeza.