TIWOLOKE MALIRE, TIKAMANGE NYUMBA KU ANGONIA

(Awa ndi mawu omwe mmodzi wa ife, yemwe amagwira ntchito m'boma ku Kapitolo Hilu, adayankhula pa msonkhano wa nthambi ya Lilongwe umene udachitikira ku Area 23. Tawasindikiza kuti anzathu omwe sadabwere awone ndi kuperekapo maganizo.)

A Wapampando, aphunzitsi athu akale amene mwatilemekeza pobwera, amayi ndi abambo, akulu ndi ang'ono anga a sukulu imodzi.

Komiti idandituma kuti ndilongosole ganizo la ulendo wokamanga nyumba ku Angonia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Ndiyamba ndi chifukwa chake, kenaka ndinene za kakonzedwe.

Ine ndidakulira kufupi ndi malire, m'boma la Dedza. Ndili ku pulayimale, nkhondo ya ku Mozambique idali pachimake, ndipo m'kalasi mwathu mudadzaza ana othawa kwawo. Mukukumbukira kuti pofika 1992 dziko lino lidasunga anthu othawa nkhondo pafupifupi miliyoni imodzi. Kwathu ambiri sadakhale m'misasa ayi, adakhala m'midzi momwemo chifukwa adali abale athu, a mfunda umodzi ndi chiyankhulo chimodzi. Mnyamata wina tidakhala naye pa desiki limodzi zaka zitatu. Mtendere utasayinidwa ku Rome pa 4 Okotobala 1992, iwo adayamba kubwerera, ndipo mnzangayo adapita ndi mayi ake.

Chaka chatha ndidakamuyendera. Iye adamwalira kale, koma mayi ake ndidawapeza, atakalamba, akulera zidzukulu zinayi. Nyumba yawo ya zidina idagwa mbali imodzi ndi mvula, ndipo onse asanu amagona m'khitchini. Adandiphera nkhuku. Ine ndidawasiyira ndalama pang'ono, koma m'njira monse mtima udandiuza kuti ndalamazo sizidzakhoma denga. Apa ndi pomwe ganizoli lidabadwira.

Ndikudziwa funso lomwe lili m'mitima ya ambiri, ndipo mmodzi wa inu adandifunsa kale panja paja: bwanji kukamangira anthu akunja pamene kwathu kuno osowa pokhala ali mbwee? Funsoli ndi lachilungamo. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 adapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno ndi kusiya oposa theka la miliyoni opanda pogona. Ngakhale kuno ku Area 23, ku Mgona kapena ku Chinsapo, zipupa zimagwa dzinja lililonse.

Yankho langa lili pawiri. Poyamba, sitidumpha kwathu. Komiti ikupempha kuti tisananyamuke, timange kaye nyumba imodzi muno mu Lilongwe, ya munthu amene mafumu ndi a mipingo adzatisonyeze. Pamenepo tidzaphunzirirapo ntchito, ndiponso tidzadziwa amene ali ndi manja ndi amene ali ndi pakamwa pokha. Chachiwiri, mphepo ndi madzi sizidziwa malire. Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 zidakantha maiko onse awiri. Ana adagwetsa mlatho wa pa mtsinje wa Revubue pakati pa Tete ndi Moatize sabata lomwelo adatiwonongera damu la Kapichira. Komanso tisaiwale njala ya 2002. Anthu ambiri a ku Dedza ndi ku Ntcheu adapulumukira chimanga ndi maganyu a kutsidyako. Ife tidawasunga pa nkhondo, iwo adatidyetsa pa njala. Kupatsa n'kuika, adatero akuluakulu.

Ntchito yotereyi si yachilendo. Bungwe la Habitat for Humanity, lomwe Millard ndi Linda Fuller adaliyambitsa ku America mu 1976, lidafika kuno mu 1986, ndipo takhala tikuwona alendo akubwera pa ndalama zawo kudzasenza njerwa m'midzi yathu. Jimmy Carter, atachoka pa upulezidenti, adagwira hamala m'ntchito imeneyi kuyambira 1984 mpaka atakalamba. Ife tazolowera kukhala olandira. Kodi n'kosatheka kuti nafenso tikhale opita?

Tsopano za kakonzedwe. Ndili ndi mfundo zisanu ndi imodzi.

Yoyamba ndi kukula kwa ntchito. Tisadzinamize. Tikuganiza za anthu 20, masiku 10, nyumba zitatu za zipinda ziwiri ndi khonde, iliyonse ndi chimbudzi chake. Kuli bwino kumaliza zitatu kusiyana ndi kusiya khumi zili pa windo.

Yachiwiri ndi eni dera. Safunsa adadya phula. Anthu atatu atsogole miyezi iwiri ulendo usanafike, akawonane ndi akuluakulu a boma ku Ulongwe, mfumu ya m'deralo imene iwo amati regulo, ndi atsogoleri a mipingo. Iwowo ndiwo asankhe mabanja, osati ife. Ndikunena poyera kuti ngakhale mayi ndawatchula aja, dzina lawo lidzadutsa njira yomweyo. Ngati kuli wina wovutika koposa, ayambe ameneyo. Atitsimikizirenso kuti malo omangapo ndi a banjalo, kuopa kuti tikachoka achibale angalande nyumba kwa mayi wamasiye. M'midzi tidzayankhula Chichewa chathu chomwechi, koma m'maofesi muli Chipwitikizi, choncho makalata athu amasuliridwe.

Yachitatu ndi mamangidwe. Ambirife ndife a zolembera, sitidagwirepo levulo. Tidzalemba amisiri a konko, mmodzi pa nyumba iliyonse, ndipo ife tidzakhala otumidwa: kutunga madzi, kuponda matope, kukankha wilibala, kupatsira njerwa. Digiri isiyidwe pa chipata cha Dedza. Banja lolandira nyumba nalonso ligwire nawo, kuti nyumbayo idzakhale yawo ndithu. Zimene zimagwetsa nyumba zathu n'zodziwika: maziko osaya, chinyontho chokwera m'chipupa, ndi denga longosanjika. Choncho tikufuna maziko a miyala ndi simenti okwera pamwamba pa nthaka, pepala la pulasitiki loletsa chinyontho, lamba wa konkire pamwamba pa mazenera, ndi mitengo ya denga yomangiriridwa ku chipupa ndi waya. Za njerwa, tikumbuke kuti kuno malamulo a 2018 adaletsa njerwa zowotcha pa zomanga za boma ndi za malonda pofuna kuteteza mitengo. Tisakathe nkhalango za eni ake. Tigwiritse ntchito njerwa za simenti kapena za dothi losakaniza ndi simenti.

Yachinayi ndi nthawi. Tipite m'chilimwe, mvula itatha ndipo anthu atakolola, makamaka mu Ogasiti ana ali pa holide. Tipewe kumapeto kwa mweziwo, poti ambiri amapita ku Kulamba ku Mkaika. Angonia ndi dziko lokwera ngati Dedza, usiku kumazizira, bulangete lisatsale. Ife a m'boma tipemphe tchuthi msanga ndi chilolezo chotulukira kunja, mwa dongosolo lake.

Yachisanu ndi mapepala. Tidzadzera pa chipata cha Dedza, kutsidya kwake ku Calomue. Aliyense awone pasipoti yake lero lomwe, osati mawa la ulendo. Galimoto zikhale ndi bulu buku, kalata ya mwini wake, chilolezo cholowera ndi inshuwalansi yogulidwa pa malirepo. Tikhale ndi namwino mmodzi, bokosi la mankhwala ndi maneti a udzudzu.

Yachisanu ndi chimodzi ndi ndalama, pomwe mabungwe ambiri onga lathu amafera. Aliyense wopita adzilipirire ulendo ndi chakudya. Ya m'thumba la bungwe ndi ya simenti, malata, misomali ndi amisiri basi. Palibe alawansi. Ndibwereze: palibe alawansi. Kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo phunziro lake ndi lakuti ndalama yosungidwa nthawi yaitali imasungunuka. Zopereka zikamalowa, tizigula katundu. Komiti ifananize mitengo ya kuno ndi ya ku Ulongwe, poganizira msonkho wa pa malire ndi kusintha kwacha kukhala metikali, ndipo kusinthako kuchitike ku banki. Osayinira akhale atatu, ndipo msungichuma azitulutsa lipoti m'kalata yathu ino mwezi ndi mwezi, tambala iliyonse.

Ndiwonjeze za khalidwe. Tikupita ngati alendo. Tisakajambule umphawi wa anthu n'kumaumwaza pa Facebook popanda chilolezo chawo. Tisakalonjeze ana fizi kapena njinga zomwe sitidzatumiza. Ndale, zathu kapena zawo, zitsale kuno. Ndipo anzanga a pa kachere paja mwandimva: botolo lidikire mpaka denga litakhomedwa.

Amene sangathe kupita asadzione otsalira. Wina apereke thumba la simenti, wina abwereke lole, wina amene ali ku Johannesburg kapena ku London atumize yake. Mutu umodzi susenza denga, ndipo pano denga lake ndi lenileni.

A Wapampando, sukulu ija idatiphunzitsa ndi misonkho ya anthu amene ana awo sadafikeko ku sekondale. Takhala tikukumana chaka ndi chaka, kudya, kukumbutsana za nyemba zofumbwa ndi zilango zokumba maenje, n'kubalalika. Chaka chino tisiyeko chinthu choti munthu agonemo. Kaundula ali pa tebulo la mlembi pakhomopo. Ndikupempha mayina 20 tisanatseke ndi pemphero, ndipo langa ndalemba kale.